Linga la São Sebastião: Chikhulupiriro Cholembedwa pa Miyala

Njanji imene imachoka pa Nkaya, kudzera ku Liwonde ndi ku Nayuchi, nkukalumikizana ndi ya ku doko la Nacala, idatsegulidwa m'chaka cha 1970. Ambiri amaiyesa njira yatsopano yopitira ku nyanja yamchere, koma kunena zoona ndi njira yakalekale. Anthu a dziko lino adaiyenda ndi mapazi zaka mazana angapo zapitazo, ena atasenza minyanga ya njovu, ena ali m'magoli. Ulendo wao unkathera chakumwera kwa Nacala, pa gombe la Mossuril, moyang'anana ndi kachilumba kotchedwa Mozambique, kamene kadapereka dzina lake kwa dziko lonse la anansi athu. Pa nsonga ya kumpoto ya kachilumbako paima linga la São Sebastião, ndiye kuti linga la Sebastiano Woyera, limene Apwitikizi adayamba kumanga m'chaka cha 1558.

Olemba mbiri amalifotokoza lingali ngati chida cha nkhondo, ndipo mu 1991 bungwe la UNESCO lidaika chilumba chonsecho pa mndandanda wa chuma cha anthu onse a pansi pano. Ife tifuna kuliŵerenga mwa njira ina. Nyumba iliyonse imaulula zimene woimanga ankaopa ndi zimene ankadalira, ngakhale mwiniwakeyo atafuna kubisa. Linga ili adalimanga ndi akristu anzathu, ana a Eklezia wathu yemweyu. Ngodya zake zili ndi maina a oyera amene ife timaŵapempha kuti atipempherere, ndipo ansembe oyamba kulalika Mthenga Wabwino m'chigwa cha Zambezi adadzera pa chilumba chomwechi. Motero funso lakuti miyala imeneyi ikuvomereza chikhulupiriro chotani si la amisiri a zomangamanga okha ai. Ndi funso lathunso, ife amene tikumanga matchalitchi, nyumba za ansembe ndi mipanda yake lero lino.

Mantha amene adabala linga

Vasco da Gama adakocheza pa chilumbachi mu Malichi 1498, napeza mudzi wa Asilamu amalonda, wokhala ndi mfumu yake ndi zombo zake. Chilumbacho nchaching'ono ndithu: m'litali mwake ndi makilomita ngati 3, m'mimba mwake ndi theka la kilomita pamene patambalala, ndipo chilibe mtsinje. Chimene chidakopa Apwitikizi ndi doko lake lobisika ku mafunde. Zombo zochokera ku Lisbon zinkatha miyezi yambiri pa nyanja zisanafike kuno, ndipo zikaphonya mphepo yoomba cha ku India zinkayenera kudikira mpaka nyengo itatembenuka. Chifukwa chake kuyambira mu 1507 Apwitikizi adamangapo kalinga kakang'ono ka São Gabriel, kenaka chipatala ndi tchalitchi.

Kalingako kadakwanira pamene adani anali a mauta ndi mikondo. Koma mu 1538 Aturuki adatumiza zombo zankhondo kuchokera ku Suez kukazinga mzinda wa Diu ku India ndi mizinga ikuluikulu, ndipo zidaonekeratu kuti tsiku lina zombo zotere zingathe kutsikira kumwera. João de Castro, podutsa pa chilumbachi mu 1545 pa ulendo wake wokakhala bwanamkubwa ku India, adalangiza mfumu João III kuti pamangidwe linga latsopano pa nsonga ya kumpoto, pamene njira yoloŵera zombo padoko imadutsa pafupi ndi matanthwe. Pulani yake amati adaijambula ndi Miguel de Arruda, mmisiri wamkulu wa malinga a mfumu. Ntchito idayenda mwa apo ndi apo chifukwa cha malungo ndi kusoŵa kwa amisiri ndi ndalama, kotero kuti padapita zaka zoposa 50 isanathe.

Apa pali mfundo imene tisaiphonye. Lingali silidamangidwe poopa anthu a mu Afrika, kapena pofuna kuŵalamulira. Maso ake ali ku nyanja, kumene kunkachokera zombo za adani ndi kumene kunkapita chuma. Dziko la Amakua, limene likuoneka bwino lomwe munthu ataima pa khoma, lidakhala m'manja mwa eni ake, mwakuti mu 1896 ndi 1897 Mouzinho de Albuquerque anali akali kumenyana ndi Anamarrais kuseri kwa Mossuril komweko, patapita zaka pafupifupi 400 chifikire da Gama. Linga lidasunga khomo, koma m'nyumbamo silidaloŵe.

Luso la mmisiri

Wotsutsa aliyense ayenera kuyamba wavomereza zabwino, ndipo ngati tiliweruza lingali monga ntchito ya mmisiri, palibe chonyoza. Malinga akale a ku Ulaya anali a makoma ataliatali ndi nsanja zobulungira, zoyenera kugwetsera miyala ndi mivi pa adani. Mzinga utabwera, kutalika kudasanduka tsoka, pakuti khoma lalitali ndi lopyapyala limagwa msanga likaombedwa patsinde. Amisiri a ku Italy ndiwo adapeza yankho m'zaka zoyamba za m'ma 1500. Adafupikitsa makoma, naŵachindikiritsa kwambiri, ndipo pa ngodya iliyonse adamanga nsanja yotulukira kunja, yosongoka ngati mutu wa muvi, imene Apwitikizi amaitcha baluarte. Nzeru yake ndi iyi: mizinga ya pa nsanja imodzi imaomba motsata khoma mpaka pa nsanja inzake, ndipo inzakeyo imabwezera chimodzimodzi. Motero palibe pamene mdani angabisale patsinde pa khoma kuti aimike makwerero kapena kukumba dzenje loikamo wonga. Nsanja iliyonse payokha njofooka, koma imalimba chifukwa inzake ikuiyang'anira.

São Sebastião ndi limodzi mwa malinga oyamba a mtundu umenewu kunsi kwa chipululu cha Sahara. Lili ndi mbali zinai zosalingana, pakuti mmisiri adatsata mmene thanthwe lidakhalira, ndipo pa ngodya zake pali nsanja zinai. Nyanja ikulizinga pafupifupi mbali zonse, kupatula mbali yoyang'ana ku mzinda, kumene adasiya bwalo lopanda nyumba kuti mdani wodzera pamtunda aonekere patali. M'kati muli bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi nyumba za asilikali, nkhokwe za zida ndi chakudya, zipinda za akaidi ndi tchalitchi. Zokometsera nzochepa kwambiri. Kukongola kwake kuli m'mizere yoongoka, m'kulemera kwa makoma, ndi m'mene mthunzi umagwera pa ngodya dzuŵa likapendeka.

Koma nzeru yoposa zonse m'lingali si ya mizinga. Popeza chilumbachi chilibe mtsinje, asilikali ozingidwa akadagonja ndi ludzu asanagonje ndi zipolopolo. Tsono amisiri adamanga madenga athyathyathya okhala ndi tingalande, kuti dontho lililonse la mvula litsikire m'nkhokwe zamadzi zomangidwa ndi miyala ndi njereza. Linga lonse lili ngati chikhatho chotambasulidwa kumwamba.

Luso limeneli lidayesedwa lisanathe nkumangidwa komwe. Mu 1607 Adatchi, motsogozedwa ndi Paulus van Caerden, adatsika pa chilumbachi nazinga linga kwa milungu ingapo, akukumba ngalande zoyandikirira khoma. Mu 1608 Pieter Verhoeff adabweranso ndi zombo zina. Kaŵiri konse kapitao Estêvão de Ataíde ndi asilikali ochepa kwambiri adalimba, ndipo Adatchi adachoka atatentha mzinda. Cha m'ma 1670 Aluya a ku Oman nawonso adafunkha mzindawo, koma linga lidaŵakanika. Linga linzake la ku Mombasa, lotchedwa dzina la Yezu, lidagwa m'manja mwa Aluya omwewo mu 1698. São Sebastião silidagwepo nkamodzi komwe.

Komabe oŵerenga aone chinthu chimodzi chimene chabwerezedwa m'nkhondo zonsezi: linga linkapulumuka, mzinda nkupsa. Ife mau oti linga si achilendo kwathu. Dera lina la ku Nkhotakota limatchedwa Linga mpaka lero, ndipo m'chigwa cha Zambezi munali malinga a mitengo amene Apwitikizi ankaŵatcha aringa, monga la Bonga ku Massangano, kunsi kwa Tete, limene lidabweza asilikali a Apwitikizi kangapo pakati pa 1867 ndi 1869. Mitengo ya malinga otere nthaŵi zambiri inkaphuka nkusanduka mpanda wamoyo, ndipo m'kati mwake munkakhala mudzi ndi nkhokwe zake. Sitikunena kuti eni malinga amenewo anali anthu achifundo, pakuti ambiri a iwo ankagulitsanso akapolo. Tikungoti linga la kwathu linkamangidwa mozungulira anthu, pamene São Sebastião lidamangidwa moyang'anira doko. Ndipo mtengo wa mzinda wamiyala wa Apwitikizi ukuonekabe kumwera kwa chilumba, kumene anthu wamba amakhala m'dera la Macuti, m'maenje otsika mmene mudakumbidwa miyala yomangira nyumba za ena. Dzina la Arruda lidalembedwa m'mabuku. Maina a amene adaphwanya miyala ndi kuotcha njereza sadalembedwe pa khoma lililonse.

Khoswe pa mkhate

Nsanja zinai za lingali zili ndi maina aŵa: São João, Nossa Senhora, São Gabriel ndi Santa Bárbara. Kwa msilikali wa nthaŵi imeneyo palibe chimene chidali chachilendo pamenepa. Barbara Woyera anali nkhoswe ya oomba mizinga. Gabriele ndi dzina limene lidalinso pa chombo cha da Gama. Ndipo Sebastiano ndi dzina la mfumu imene inali pa mpando pamene ntchito inkayamba, Sebastião, amene adabadwa pa 20 Januwale 1554, tsiku la chaka cha woyerayo. Choncho dzina limodzi lidalemekeza aŵiri, woyera wa kumwamba ndi mfumu ya ku Lisbon, ndipo palibe amene adaona chifukwa chosiyanitsira.

Kusasiyanitsa kumeneku kunali ndi maziko m'malamulo a Eklezia. M'makalata ao a Dum Diversas, ya mu 1452, ndi Romanus Pontifex, ya mu 1455, Papa Nicholas V adaloleza mfumu Afonso V kugonjetsa Asilamu ndi akunja, kulanda maiko ao ndi kuŵasandutsa akapolo. Pa makalata otere padamangidwa dongosolo lotchedwa Padroado: mfumu ya ku Portugal ndiyo inkasankha aepiskopi, kulipira ansembe, kumanga matchalitchi ndi kupereka malo m'zombo kwa amishoni. Wansembe sakadafika ku Sena kapena ku Tete popanda chilolezo cha mfumu, ndipo mtanda umodzimodzi unali pa thanga la chombo ndi pa guwa.

Zipatso za mgwirizano umenewu zidaoneka msanga. Gonçalo da Silveira, wansembe wa chipani cha Ajezuiti, adafika pa chilumbachi mu 1560, maziko a linga akali aaŵisi. Adakwera Zambezi wopanda asilikali, nabatiza mfumu Mwene Mutapa, koma mu Malichi 1561 adaphedwa pa lamulo la mfumu yomweyo. Imfa yake idali nsembe ya munthu wopanda chida. Koma mu 1569 akatswiri a malamulo ndi a zaumulungu ku Lisbon adagamula kuti nkhondo yolimbana ndi Mwene Mutapa njolungama, ndipo Francisco Barreto adanyamuka ndi asilikali pafupifupi 1,000, maso ali pa migodi ya golide. Ali ku Sena, anthu ndi akavalo atayamba kufa ndi matenda, mlandu udagwera Asilamu amalonda a pamalopo, ndipo adaphedwa mwankhanza. Wansembe Francisco Monclaro, amene adatsagana ndi gululo, adavomereza zimenezo. Magazi a wofera Mulungu adasanduka chiphaso cha ofuna golide.

Akuluakulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Umbombo wa ufumu udakhala pa mkhate wa Eklezia, ndipo aliyense wofuna kuukantha ankaoneka ngati akuswa zopatulika. Imeneyi ndiyo ntchito yeniyeni ya maina a oyera pa nsanja zija. Sitikukayika kuti asilikali ambiri ankapemphera moona mtima, makamaka usiku umene Adatchi ankakumba patsinde pa khoma. Koma dzina la Amai Maria likalembedwa pamwamba pa mzinga, wotsutsa mzingawo amasoŵa poyambira. Chodabwitsa nchakuti mbiri ya Sebastiano mwini wake ikutsutsa lingali. Monga mwa mwambo wa Eklezia, iye anali msilikali wa mfumu Diocletian, ndipo adalasidwa ndi mivi chifukwa chokana kuika mfumu pamalo pa Mulungu. Atachira adabwerera kukaidzudzula mfumuyo pamaso, naphedwa ndi zibonga. Woyera amene adasiyanitsa za Mulungu ndi za mfumu ndi moyo wake womwe, ndiye adapatsidwa linga limene lidaziphatikiza.

Katchalitchi ka kunja kwa khoma

Munthu akadutsa bwalo la m'kati, natulukira pa kakhomo ka kumbali ya kuvuma, amapeza kanyumba koyera kataima pa thanthwe, mafunde akuomba patsinde pake. Ndiko katchalitchi ka Nossa Senhora do Baluarte, komangidwa mu 1522, zaka 36 linga lisanayambidwe. Amakaŵerengera kuti ndiyo nyumba yakale kuposa zonse zomangidwa ndi Azungu zimene zikali chiimire kumwera kwa dziko lapansi. Nkakang'ono, kokwana anthu oŵerengeka chabe. Denga lake nlamiyala, lokhota ngati uta, logwiriziridwa ndi nthiti zamiyala zokumana pakati, monga ankamangira m'masiku a mfumu Manuel I. Kuŵala kumaloŵera pa timazenera tating'ono, tina toboola ngati mtanda, ndipo pansi pali miyala ya manda. Mmodzi mwa ogona m'menemo ndi Sebastião de Morais, Mjezuiti amene adasankhidwa kukhala episkopi wa ku Japan, koma adafera pa chilumbachi mu 1588 asanaione nkhosa yake ngakhale imodzi.

Tisakakometse mopitirira. Dzina lake lomwe likunena kuti pamalopo panali poikira mizinga, ndipo zizindikiro za ufumu zilipo pa miyala yake. Koma kusiyana kwa nyumba ziŵirizi nkwakukulu. Linga lidamangidwa kuti munthu asafe, pamene katchalitchi kadamangidwa ndi anthu odziŵa kuti ambiri a iwo sadzaonanso kwao. Francisco Xavier adakhala pa chilumbachi miyezi ngati isanu ndi umodzi, kuyambira chakumapeto kwa 1541 mpaka Febuluwale 1542, akudikira mphepo ya ku India. Linga kunalibe, koma katchalitchi kanalipo, ndipo iye nthaŵi yake adaithera m'chipatala, akusamala amalinyero odwala mpaka iye mwini adadwala.

Pamene amisiri a mfumu adalemba mizere ya makoma, katchalitchiko kadatsala kunja.  Koma wophunzira zaumulungu sangalephere kukumbukira mutu 13 wa Kalata ya kwa Ahebri, pamene tikuphunzitsidwa kuti Ambuye adafera kunja kwa chipata cha mzinda, ndi kuti ofuna kuŵatsata ayenera kutulukira komweko. Mosadziŵa, amisiri aja adanena zoona: m'nyumba zonse za pa nsongapo, imene ikufanana kwambiri ndi Mthenga Wabwino ndi imene khoma silikuiteteza.

Mivi ya makolo athu

Nkosavuta kwa ife kuŵerenga mbiri imeneyi ngati mlandu wa Azungu okha, ife nkukhala oonerera. Mbiri yake sikutilola kutero. Mu 1592 ankhondo otchedwa Azimba adagonjetsa Apwitikizi a ku Sena ndi a ku Tete kumpoto kwa Zambezi, napha akapitao a malo onse aŵiri. Wansembe wa chipani cha Adominiko, Nicolau do Rosário, adagwidwa, namangiriridwa ku mtengo, nalasidwa ndi mivi mpaka kufa, monga adalembera mnzake João dos Santos m'buku lake Ethiopia Oriental la mu 1609. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Amontfort amene adafufuza za Mbona ku Nsanje, adaonetsa m'buku lake River of Blood la mu 1992 kuti Azimba amenewo anali ankhondo a Lundu, mfumu ya Amang'anja a ku Chigwa cha Shire. Ngati ndi choncho, Sebastiano wa m'chigwa cha Zambezi adalasidwa ndi mivi ya kwathu.

Patangopita zaka 16, mu 1608, mfumu Muzura ya Amaravi idatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi omwewo kutsidya kwa Zambezi, ndipo mu 1622 Apwitikizi adaithandiza kugonjetsa Lundu. Mu 1667 Mjezuiti Manuel Barreto adalemba kuti ulamuliro wa Amaravi unkafika kufupi ndi gombe loyang'anana ndi chilumba. M'zaka za m'ma 1700 amalonda a Chiyao ndiwo ankatsitsira minyanga yambiri ku Mossuril. Pamene Afalansa a ku zilumba za Mauritius ndi Réunion, kenaka amalonda a ku Brazil, adayamba kufuna anthu olima m'minda yao, njira zomwe zija za minyanga zidasanduka njira za akapolo. Linga silinkapita kukagwira anthu ku midzi. Linkangodikira padoko, ndipo ena a ife tinkabweretsa anzathu.

Chombo chimodzi chikwanira kutikumbutsa za zonsezo. São José Paquete de Africa, chotchedwa dzina la Yosefe Woyera, chidanyamuka pa chilumbachi mu Disembala 1794 ndi akapolo oposa 400, kupita ku Maranhão ku Brazil. Chidatulukira pa njira yokhayo yotulukira, patsinde pa nsanja za oyera zija, pamaso pa katchalitchi ka Amai Maria. Pa 27 Disembala chidasweka pa matanthwe pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 adamira, ndipo opulumuka adagulitsidwa komweko. Zotsalira za chombochi zidalengezedwa kuti zapezeka mu 2015. Nthaŵi yonseyo Eklezia analipo: zipani za ansembe zinali ndi minda ikuluikulu m'chigwa cha Zambezi pamodzi ndi akapolo ake. Papa Paul III anali atatsutsa kale ukapolo wa eni nthaka a ku America mu 1537, ndipo Papa Gregory XVI adatsutsa malonda a akapolo mu 1839, koma mau a ku Roma ankafika mochedwa ndi mofooka kumene wansembe ankadya za m'manja mwa bwanamkubwa.

Chimene chidatsala

Mtengo umadziŵika ndi zipatso zake. Chilumbachi chidakhala likulu la Apwitikizi mpaka 1898, pamene boma lidasamukira ku Lourenço Marques. Padali matchalitchi, nyumba ya Adominiko ndi sukulu ya Ajezuiti ya São Paulo, imene idasanduka nyumba ya bwanamkubwa Ajezuiti atapirikitsidwa mu 1759. Koma patapita zaka zonsezo, anthu ambiri a pachilumba ndi a m'mbali mwa gombelo ndi Asilamu mpaka lero. Zifukwa zake nzambiri, ndipo Chisilamu chidafika kumeneko Chikristu chisanafike. Komabe sitingakane kuti chipembedzo chimene anthu amachionera pamwamba pa khoma amachiyesa cha eni khoma.

Phunziro lomweli lidabwerezedwa kwathu kuno. Ansembe a White Fathers amene adafika kwa Mponda pa 28 Disembala 1889 adabwera pa mgwirizano wa Kadinala Lavigerie ndi boma la Portugal, limene linkafuna umboni woti dera la kunyanja nlake. Angerezi ndi Apwitikizi atagaŵana malire, ansembewo adachoka mu Juni 1891 osasiya mpingo, ndipo chaka chomwecho Angerezi adamanga Fort Johnston kutsidya kwa mtsinje. Mapanga aŵiri avumbwitsa. Eklezia adadzazika mizu pamene Amontfort adafika ku Nzama mu 1901, ndi pamene a White Fathers adabweranso mu 1902, opanda mbendera yoti aisungire malo. Ku Mozambique nako, ulemu wa Eklezia adauombola ndi amene adatuluka m'linga: Ambuye Sebastião Soares de Resende a ku Beira, amene adadzudzula ntchito yakalavulagaga mpaka imfa yao mu 1967, a White Fathers amene adachoka m'dzikomo mu 1971 pokana kukhala chophimba cha boma lachitsamunda, ndi Ambuye Manuel Vieira Pinto a ku Nampula, amene boma lidaŵapirikitsa mu Epulo 1974. Papa John Paul II adapepesa chifukwa cha malonda a akapolo pa chilumba cha Gorée mu 1992, ndipo mu Malichi 2023 Likulu la Eklezia lidanena poyera kuti makalata aja a m'ma 1450 sadalemekeze ulemerero ndi ufulu wa eni nthaka.

Nanga ife? Mzinda wa Blantyre nawo udali ndi mpanda wake: nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, inali ndi bwalo lotchingidwa loti Azungu azithaŵiramo pa nthaŵi ya nkhondo. Lero woyenda m'miseu ya Nkolokosa, Chitawira kapena Namiwawa amadutsa pakati pa makoma a njerwa okhala ndi magalasi osweka kapena waya waminga pamwamba, ndipo maparishi, nyumba za masisitere ndi maseminale athu sasiyana kwenikweni ndi nyumba zina. Sitikuti mipanda igwetsedwe. Akuba alipo, ndipo wansembe amene adachezedwapo ndi achifwamba usiku sangamve ulaliki wotsutsa zipata. Aturuki ndi Adatchi nawonso sanali nthano. Koma São Sebastião likutiphunzitsa mafunso oyenera kufunsa tisanasaine pulani ya mmisiri. Kodi khomali likuyang'ana kuti, kwa akristu amene tidatumidwa kwa iwo, kapena kumene kumachokera thandizo? Kodi likuteteza chiyani, ndipo ndani akutsala kunja moto ukabuka? Mai amene mwamuna wake akutsirizika pakati pa usiku angathe kufika pa khomo la bambo mfumu, kapena athera kwa mlonda ndi agalu? Ndipo ndani mwa olemera kapena andale amene wakhala pa mkhate wathu chifukwa adagula simenti ya mpandawo?

Anthu athu adayankhapo kale mafunso ameneŵa ndi zochita. Pa nthaŵi ya nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, anthu pafupifupi 1,000,000 adathaŵira m'dziko muno, ndipo ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri adalandiridwa m'midzi yopanda mpanda, nagaŵiridwa malo ndi madzi ndi anthu osauka ngati iwo omwe.

Mizinga ya pa São Sebastião idaleka kulira kalekale, ndipo yambiri ili gone pa makoma, yadyedwa ndi dzimbiri ndi mchere. Mwa zonse zimene amisiri aja adamanga, zimene zidapitiriza kutumikira anthu a pachilumba ufumu utatha ndi nkhokwe zamadzi, pakuti amai akhala akutunga madzi amvula amene madenga a asilikali adasonkhanitsa. Aseminale amene maŵa adzapatsidwa parishi ndi thumba la zomangamanga adziŵe kuti naonso adzaŵerengedwa pa miyala yao, ndi anthu amene sadzamvapo ulaliki wao ngakhale umodzi.